Foni Yokanidwa Pakhomo

1. Tsamba lobweza anthu

Ofesi imene Kamphepo ankaphunzirako ntchito inali pamwamba pa sitolo ya utoto ndi misomali. Ukamakwera masitepe, fungo la utoto linkakuperekeza mpaka pakhomo. M'katimo munali matebulo opanikizana, fani yolira ngati ili ndi dandaulo, ndi zingwe zimene mlendo aliyense ankapunthwa nazo.

Dzina loti Kamphepo anam'patsa ndi anzake a pantchito, chifukwa mtsikanayu sankayenda ngati anthu ena. Ukam'tuma, unkangoona chitseko chikugwedera, mwini wake atapita kalekale. Anabwera pa ofesiyi atangomaliza sukulu, kuti aphunzire kupanga masamba a pa intaneti.

Ntchito yaikulu ya chaka chimenecho inali tsamba la koleji ina ya anamwino. Wofuna malo pakolejipo ankalowa pa tsambalo ndi dzina ndi mawu achinsinsi. Akalowa ankalemba chimangirizo chofotokoza chifukwa chimene akufunira unamwino, n'kujambula masatifiketi ake, kenako n'kutumiza. Poti netiweki imavuta, tsambalo linkasunga zonsezi m'foni ya mwini wake mpaka tsiku lotumiza, ndipo zinkatseguka pokhapokha mwini wakeyo atalowa.

Tsiku lotseka linali Lachisanu, 4 koloko madzulo.

Koma kuyambira Lolemba, foni ya pa ofesi sinapume. Dandaulo linali limodzi. Munthu akalemba dzina ndi mawu achinsinsi molondola, tsambalo linkachita ngati lamulandira, kenako n'kumubweza pakhomo pomwe wayambira.

Amene anasintha njira yolowera pa tsambalo sabata yapitayo anali Chidule, mnyamata wanzeru ndithu koma wodana ndi chilichonse chotenga nthawi. Ngakhale tiyi ankamwa ataimirira. Madandaulo atayamba, anayesa kulowa pa kompyuta yake ndipo analowa bwinobwino. Kamphepo anayesa pa yake, nayenso analowa.

"Mwaonatu," anatero Chidule akutambasula manja. "Tsamba lilibe mlandu. Mafoni awowo ndi amene adzaza zinyalala."

Pajatu anthu opanga masamba ali ndi chizolowezi chawo. Asanayese chilichonse, amayamba afufuta zonse zimene tsamba linasiya m'makina mwawo, ati kuti ayambire poyera. Amachita zimenezi osaganiza n'komwe, monga mmene munthu amapukutira mapazi pakhomo. Choncho pa ofesi ponse panalibe makina ndi amodzi omwe amene anali ndi vuto la anthu oimbawo.

Manijala, bambo woopa koleji ija kuposa matenda, analamula kuti aliyense woimba aziuzidwa kufufuta zonse za tsambalo m'foni mwake. Ntchito yoyankha mafoni inagwera Kamphepo, poti ndiye anali wamng'ono. Ankawauza anthu mwaulemu, ndipo ambiri sankaimbanso. Pa ofesi anati ndiye kuti mankhwala agwira.

2. Mzime afika

Lachisanu masana, anthu atangobwera kokadya, pa masitepe panamveka mapazi othamanga. Chitseko chinatseguka, balamanthu Mzime, mng'ono wake wa Kamphepo, thukuta lili kamukamu, foni ili m'manja.

Mwana ameneyu za unamwino anayamba kuzilota ali wamng'ono, akumanga zidole mabandeji ndi zigamba zotsala pa makina osokera a mayi awo. Chimangirizo chake anachilemba kwa milungu, akumafufuta ndi kulembanso, osalola ngakhale mchemwali wake kuchiona.

"Achemwali, tsamba lanu likundikana," anatero akupumira m'mwamba. "Ndakhala ndikuyesa masiku onsewa. Ndimaopa kukuvutitsani kuntchito, koma lero ndiye lomaliza."

"Iwe, bwanji osanena msanga? Bweretsa kuno. Tingofufuta zonse, ulowa pompano."

Mzime anabisa foni kumbuyo. "Ayi! Musayerekeze. Mnzanga wa m'kalasi anaimba kuno, anamuuza zomwezo. Anafufuta, analowadi, koma anapeza mulibe kanthu. Chimangirizo chonse, zithunzi zonse, zinapita. Walira mpaka maso kutupa."

Kamphepo anazindikira kuti mawu amene anauza mnzake wa Mzime uja anali ake. Anachita manyazi kwambiri moti anasowa poyang'ana.

Manijala, amene anamva zonse ali pakhomo la kaofesi kake, anakhosomola. "Zimenezo tikambirana pambuyo. Muthandizeni mwanayu azipita."

"Palibe chovuta," anatero Chidule. "Tilumikize foniyo ku laputopu ndi chingwe. Ndili ndi kalamulo kanga kochotsa makuki okha, zolemba n'kutsala. Kuphethira kamodzi, mwana walowa."

"Makuki ndiye chiyaninso?" anafunsa Mzime.

"Dikira kaye," anatero mawu ochokera pakona.

3. Chenjezo la a Dikirakaye

Pakonapo panakhala mkulu wa onse opanga mapulogalamu pa ofesiyi. Mawu awiri amene anali atangonenawo ankawanena kambirimbiri moti anasanduka dzina lawo. A Dikirakaye anali atachitidwa opaleshoni ya maso, ndipo sabata yonse anali kunyumba. Tsikulo anangobwera chifukwa kunyumba kunawatopetsa, atavala magalasi akuda, adokotala atawaletseratu kuyang'ana pa kompyuta.

"Mwanawe," anatero kwa Mzime, "kuki ndi kachizindikiro. Ukalemba dzina ndi mawu achinsinsi, makina aakulu osunga tsambali, amene ife timati seva, amapatsa foni yako kachizindikiro kokhala ndi nambala. Foni imakasunga. Ukamatsegula chipinda chilichonse cha tsambalo, foni imaonetsa kachizindikiroko, ndipo seva imati, uyu ndikumudziwa, adutse. Ikapanda kukazindikira, imakubweza pakhomo. Nkhani yake ndi yomweyo basi."

Kenako anatembenuzira magalasi aja kumene kunali Kamphepo ndi Chidule.

"Tsono inu awirinu mundimvere. Maso anga ndi awa, sangawerenge kanthu, koma makutu akugwira ntchito. Ndabwera lero n'kumva kuti sabata yonse mwakhala mukupereka mankhwala kwa odwala amene simunawayeze. Foni iyi ndi yokhayo imene yalowa m'chipinda muno vuto lake lili momwemo. Mukaichotsa makuki, mwanayu alowa, inde, ndipo muomba m'manja. Koma kunjaku kuli ana ena amene sanaimbe kuno. Ena alibe mayunitsi. Ena akuchita manyazi. Ena akuganiza kuti osadziwa ndi iwowo, ndipo akungoyesa mobwerezabwereza. Amenewo alibe mchemwali wogwira ntchito pa ofesi ino. Mukachotsa umboni uwu mwawatsekera kunja onsewo, ndipo simudzadziwa n'komwe chimene chinawatsekera.

"Ntchito imeneyi ndinaiyamba tsitsi lili lakuda. Zimene ndawononga chifukwa cha changu n'zambiri kuposa zimene ndawononga chifukwa cha umbuli. Vuto la makina silithawa munthu woliyang'ana, limangothawa munthu wolisesa. Musamafufute chinthu chimene simunachiwerenge. Yambani mwaona chimene seva ikupereka, kenako muone chimene foni ikubweza. Pakati pa ziwirizo pali bodza penapake, ndipo ntchito yathu ndi kulipeza."

"Bambo, zonsezo n'zoona," anatero Chidule, "koma nthawi ili kuti? Taonani wotchi."

"Wotchi sindingaione, mwana wanga. N'chifukwa chake mutu wanga ukugwirabe ntchito."

Mzime anaseka pang'ono, mwa mantha omwewo. Kamphepo sanaseke. Anakoka mpando, natenga chingwe, nalumikiza foni ya mng'ono wake ku laputopu yake.

4. Kuyang'ana koyamba

Anatsegula kazenera kamene kamaonetsa zonse zimene foni ndi seva zikuuzana. Mizere ya zilembo zing'onozing'ono inayamba kutsika.

"Lemba dzina ndi mawu ako achinsinsi, ine ndayang'ana kumbali," anatero kwa Mzime.

Mzime analemba n'kudina batani. Tsamba linaphethira, linachita ngati likutseguka, kenako gwa, pakhomo pomwe paja.

"Ukuona chiyani? Ndiwerengere," anatero a Dikirakaye.

"Ndikuona kuki imodzi m'foni, bambo. Ndi yatsopano, yangoperekedwa kumene. Dzina lake ndi lolondola."

"Ndiye kuti seva yapereka. Nanga bwanji ikukana chinthu chimene yapereka yokha?"

Kamphepo anaganiza kuti mwina wotchi ya foniyo ndi yosokonekera, moti foni ikuyesa kuti kukiyo yatha kale ntchito. Anayang'ana, wotchi inali bwinobwino. Anaganiza kuti mwina Mzime anatseka makuki mwangozi. Anayang'ana, sanatseke. Anakopera nambala ya kukiyo n'kukaifunsa ku seva, ndipo seva inavomera kuti ikuidziwa.

Anakanda mutu. Chilichonse chimene anagwira chinali cholondola, koma mwana anali panja.

Chidule anali ataima kumbuyo kwake, akugwedeza mwendo. "Ndinanenatu ine. Foni imeneyi ili ndi ziwanda zake. Ndipatse kiyibodi."

"Dikira kaye," anatero Kamphepo, osadziwa n'komwe kuti watenga mawu a eni ake.

Manijala anatulukanso m'kaofesi kake, nayang'ana wotchi ya pakhoma, nabwereramo. Panthawi yomweyo foni ya Kamphepo inalira. Anali mayi awo.

5. Mawu a mayi

"Mwana wafika kumeneko?" anafunsa mayiwo, makina osokera akumveka kumbuyo.

"Wafika, amayi."

"Watumiza?"

"Ayi, sanatumize. Ndikufufuza kaye chimene chikuvuta."

"Kufufuza? Kodi palibe njira yomulowetsera?"

Kamphepo anayang'ana mng'ono wake. Kunama kwa mayi ake sankakutha. "Ilipo, amayi. Koma ndikaigwiritsa ntchito, ana ena onse atsala kunja."

Makina osokera anasiya kulira. Mayiwo analankhula modekha, ndipo Kamphepo ankadziwa kuti akamalankhula modekha ndiye kuti zafika poipa.

"Tamvera, mwana wanga. Ine za makompyuta sindizidziwa, koma mwana ameneyo ndikumudziwa. Ndamuona akulemba mpaka chala kuchita dzanzi. Ndamuona akukana kupita kocheza ndi anzake chifukwa cha chinthu chimenechi. Chaka chatha anatsala chifukwa ndinadwala ine, iye n'kumandisamalira. Chaka chino akatsalanso, ndimuuza chiyani? Ana enawo ali ndi makolo awo, ali ndi abale awo. Uyu m'bale wake ndiwe. Mtima wabwino sindikukuletsa, ndinakuphunzitsa ndine. Koma usapange ubwino ndi tsogolo la mng'ono wako, chifukwa si lako. Ukafuna kuika chinthu pachiswe, uziika chako. Ndatha ine."

Foni inaduka. Mawuwo anamulasa Kamphepo, chifukwa sanali olakwa. Anayang'ana a Dikirakaye, koma mkuluyo anatembenuzira magalasi ake kumbali, manja ali pa ndodo. Apa sanafune kumuthandiza.

Anatembenukira kwa mng'ono wake.

"Wamva zimene anena amayi. Akunena zoona, foni ndi yako, chimangirizo ndi chako. Ukati tichotse makuki, Chidule achotsa pompano, utumize. Ine sindikwiya. Koma ukandibwereka foniyi mpaka hafu pasiti 3, ndiyesetsa ndi mphamvu zanga zonse. Ndikalephera, ndichotsa ndekha."

"Nthawi imeneyo tsamba lidzakhala litadzaza anthu," anatero Chidule. "Zithunzi zimachedwa kukwera. Akhoza kutsala nazo m'manja."

"Ndi zoona zimenezo, achemwali?"

"Ndi zoona. Sindikubisira."

Mzime anayang'ana foni yake. "M'kalasi mwathu tilipo angapo amene tikukanidwa. Wina amakhala kutali, alibe ndi woti angamufunse." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Pitirizani. Koma achemwali, mukandigwetsa, kunyumba mukayankha nokha."

"Ndikayankha," anatero Kamphepo, nakokera mpando pafupi.

6. Mzere wautali

Tsopano anasiya kulumphalumpha. Anauza Mzime kuti alowenso, iye maso ali pa kazenera kaja osaphethira. Apa ndi pamene anaona chinthu chimene poyamba chinam'dutsa. Mzime akangodina batani, mizere yambiri inkatuluka, koma tsamba likamubweza pakhomo, mizere yonseyo inkafufutika n'kuyamba yatsopano.

"Bambo, zimene ndakhala ndikuwerengazi ndi za pakhomo zokha. Zimene foni ikunena ikafika ku chipinda cha kalembera, kumene kuli zolemba za mwanayu, zikumafufutika ndisanazione."

"Eya. Ndiye utani?"

"Ndiuze kazeneraka kuti kasamafufute."

Anadina pamalo pake, ndipo Mzime analowanso. Ulendo uno mizere yonse inatsala. Kamphepo anaitsata umodziumodzi ndi chala. Woyamba, foni yapereka dzina ndi mawu achinsinsi. Wachiwiri, seva yavomera ndipo yapereka kuki. Wachitatu, foni yapita ku chipinda cha kalembera. Wachinayi, seva yaikana.

Anatsegula wachitatuwo. Pamalo pa makuki panali mzere wautali wopitirira m'mphepete mwa sikirini. Anaona dzina la kuki koyambirira, ndipo anatsala pang'ono kutseka, poti dzinalo linali lolondola.

"Werenga mokweza," anatero a Dikirakaye. "Wonse, mpaka kumapeto."

Anayamba kuwerenga. Dzina la kuki, kenako nambala yaitali. Anasuntha mzerewo kuti aone kotsala. Anaima.

"Bwanji wasiya?"

"Dzina lomweli labweranso kachiwiri, bambo. Ndi nambala ina." Anayerekeza manambalawo ndi imene anakopera poyamba ija. "Yachiwiriyi ndiye yatsopano. Yoyambayi sindikuidziwa."

Chidule anawerama, nkhope pafupi ndi sikirini. Mwendo uja unasiya kugwedera. "Imeneyo ndi yakale," anatero ndi mawu otsika. "Ya njira yolowera imene ndinachotsa ija. Inkaikidwa pa chipinda cha kalembera chokha, osati pa tsamba lonse. Ndipo tinaipanga kuti izikhala miyezi, kuti ana asamavutike kulowa tsiku ndi tsiku."

"Ndipo yatsopanoyo unaipatsa dzina lanji?" anafunsa mkulu uja.

"Lomwelo, bambo. Ndinaona ngati kusintha dzina n'kutaya nthawi."

Tsopano zonse zinaonekera poyera. Aliyense amene anayamba kulemba njira yolowera isanasinthidwe anali ndi makuki awiri a dzina limodzi. Pakhomo, foni inkaonetsa yatsopano yokha. Ikafika ku chipinda cha kalembera inkaonetsa onse awiri, yakale patsogolo, poti ndiyo inali ya chipindacho. Seva inkawerenga yoyambayo, n'kupeza nambala yakufa, n'kumubweza munthu. Choncho amene ankalangidwa anali ana akhama, amene anayamba kulemba msanga.

Chidule anakhala pa mpando wapafupi, manja ali kumutu.

"Kudandaula ndi mawa," anatero a Dikirakaye. "Lero tikonze. Kamphepo, vutoli walipeza ndiwe, nena chochita."

7. Kuchotsa yakale

"Seva iziuza foni iliyonse yofika pakhomo kuti itaye kuki yakaleyo," anatero Kamphepo. "Ikatero mwana sakhudza kanthu, ndipo zolemba zake zitsala."

Analemba lamulolo mofulumira, zala zikuthamanga ngati kale. Manijala anaitanidwa, ndipo atamva kuti koleji isiya kudandaula anavomera msangamsanga kuti liikidwe pa seva. Wotchi inali itadutsa kale 3 koloko.

"Lowa," anatero Kamphepo.

Mzime analemba, nadina. Tsamba linaphethira. Gwa, pakhomo.

"Mayo ine," anatero Mzime, misozi ili mbwembwembwe.

Chidule anatambasula dzanja kuti atenge kiyibodi, koma Kamphepo anaiphimba ndi chigongono. Anatsegulanso mzere wachitatu uja. Yakale ija inalipobe, ili patsogolo ngati mwini nyumba.

"Ndalamula kuti itayidwe, koma siinatayidwe," anatero. "Bwanji?"

"Walamula kuti itayidwe iti?" anafunsa a Dikirakaye.

"Ndatchula dzina lake."

"Dzina ali nalo awiri."

Kamphepo anayang'ana lamulo lake. Anali atatchula dzina lokha, osatchula chipinda. Foni inkamva kuti akunena kuki ya tsamba lonse, ndipo yakale ija inkatsala osakhudzidwa. Changu chake chomwe chija chinali chitamugwetsanso.

Anapuma mpweya wautali. Ulendo uno analemba pang'onopang'ono, dzina la kuki ndi chipinda chake, chilembo ndi chilembo monga mmene zinalili mu pulogalamu yakale. Atamaliza anawerenga mokweza, kenako anatembenuza laputopu.

"Chidule, tandionere. Yakaleyo ukuidziwa bwino ndiwe."

Chidule anadabwa kuti akufunsidwabe. Anawerenga mosamala, mwina koyamba chibadwire, napeza kuti pa dzina la chipinda panasowa kamzere kamodzi kumapeto. Anakonza. Analiika pa seva.

Hafu pasiti 3 inali itakwana. Palibe amene anaitchula, koma aliyense anadziwa.

"Lowa, Mzime."

Mzime anapukuta manja pa siketi. Analemba dzina, analemba mawu achinsinsi, anadina, natseka maso.

Atawatsegula, chimangirizo chake chinali patsogolo pake, kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza, ndi zithunzi zonse m'munsi mwake.

Anakuwa mpaka wa sitolo ya utoto anatulukira pa masitepe kufunsa ngati kwagwa ngozi.

"Usakuwe, tumiza!" anatero Kamphepo.

Kamzere kosonyeza kuti zinthu zikukwera kanayamba kuyenda. Kanayenda, kanaima, kanayendanso. Tsamba linali litadzazadi monga ananenera Chidule. Mzime anagwira dzanja la mchemwali wake mwamphamvu moti zikhadabo zinalowa. Kamzere kanaimanso pafupi ndi mapeto, nthawi yaitali yoti munthu n'kupemphera mapemphero onse amene amawadziwa. Kenako panatuluka mawu obiriwira oti zalandiridwa.

Mzime anangokhala pansi, pa simenti pomwepo, n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Kenako anadzambatuka n'kuyamba kuimbira anzake mmodzimmodzi. "Yesanso pompano! Usafufute kanthu, ungolowa!"

Pa kompyuta ya Chidule, chiwerengero cha otumiza chinayamba kukwera ngati madzi m'ndowa ya pampopi. Anali ana aja amene sanaimbe, amene ankangoyesa mobwerezabwereza, ndipo tsopano khomo linali litawatsegukira.

"Wagwira ntchito, mwana wanga," anatero a Dikirakaye. Mawu otere sankatuluka kawirikawiri pakamwa pawo, ndipo Kamphepo anasangalala kwambiri.

8. Foni ya ku koleji

Itakwana 4 koloko, tsamba linatseka lokha. Mzime anathamanga kukauza mayi awo. A Dikirakaye anatengedwa ndi mdzukulu wawo kupita kunyumba, ndipo Chidule anawaperekeza pa masitepe atawagwira mkono.

Manijala anaima pa tebulo la Kamphepo, nkhope ili mwee.

"Wachita bwino, mtsikana. Ndikumbukira zimenezi tikamakambirana zokulemba ntchito yokhazikika." Anatsitsa mawu. "Koma tamvera. Za ana amene anafufuta aja, zithere m'chipinda muno. A ku koleji akafunsa, linali vuto la netiweki ndi mafoni awo. Akadziwa kuti tinawauza ndife, ntchito imeneyi atilanda, ndipo tonse pano tikhala pakhomo. Iwenso uli momwemo. Wamva?"

Kamphepo sanayankhe. Manijala anayesa kuti kukhala chete ndi kuvomera, ndipo anatsika kukagula zakumwa zoziziritsa kukhosi kuti asangalale.

Kamphepo anatsala yekha. Anachotsa chingwe chija, nachikulunga bwinobwino. Chimwemwe chinali chitayamba kale kuchepa. Mng'ono wake anali atatumiza, ana ambiri anali atatumiza, koma panali ena amene anamvera malangizo a ofesi mokhulupirika, n'kutsala manja ali m'khosi. Amene akanawatsegulira masiku ena oti alembenso anali a ku koleji okha, ndipo a ku koleji sakanatero popanda kudziwa zoona.

Foni ya pa ofesi inalira.

Anaiyang'ana. Inaliranso. Anainyamula.

"Ndine woona za kalembera kuno ku koleji," anatero mawu a mayi wina, otopa koma olimba. "Pakhomo panga pano pali atsikana ndi makolo awo. Akuti zolemba zawo zinafufutika, ndipo sanathe kulembanso nthawi isanakwane. Onse akunena chimodzi, kuti anaimba kumeneko ndipo mtsikana wina anawauza kuti afufute. Ine sindingapite kwa akuluakulu kukapempha masiku owonjezera ndi mphekesera chabe. Ndikufuna munthu wondiuza zoona. Kodi ndikulankhula ndi ndani?"

Pa masitepe panamveka mapazi olemera akukwera, ndi mabotolo akugundana m'jumbo.

Kamphepo anagwira foni ndi manja onse awiri.

"Mukulankhula ndi mtsikana ameneyo, mayi," anatero. "Ngati muli ndi cholembera, ndikufotokozerani kuyambira pachiyambi."

Chitseko chinatseguka, ndipo manijala anaima pakhomo, jumbo ili m'manja, atamva mawu onsewo.